Dzino la mwana likafumbwa mpaka pamtsempha: zoyenera kudziwa musanalizulitse

Kuno kuchigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa, kudutsa pa Nchalo ndi pa Ngabu mpaka ku Bangula ndi ku Nsanje, mwana akachezera usiku wonse akulira ndi dzino, makolo ambiri amadzuka ndi ganizo limodzi lokha, loti apite naye kuchipatala akalizule. Palibe chowadzudzulira, pakuti kuzula ndicho chithandizo chimene ambirife tinakula tikuchiona, ndipo ngakhale lero ndicho chimapezeka msanga m'zipatala zathu. Komatu dzino lofumbwa mpaka m'kati limatha kupulumuka. Adokotala a mano amachotsa kamnofu kodwala ka m'kati mwake, n'kutsuka mphakoyo, n'kuikamo mankhwala, kenaka n'kulimata, ndipo mwana amapitiriza kutafunira dzino lomwelo. Kuchipatala chithandizo chimenechi amachitchula kuti root canal. Kholo limene likudziwa m'mene chimayendera limatha kufunsa mafunso oyenera nthawi ikadalipo, pakuti dzino likatuluka m'nkhama palibenso zokambirana.

Anthu ambiri amaliona dzino ngati kamwala koyera, chonsecho m'kati mwake muli mphako ngati bango. Kunja kuli chikamba cholimba kuposa fupa lililonse la m'thupi, pansi pa chikambacho pali gawo lofewerako lachikasu, ndipo pakati penipeni pali kachipinda kokhala ndi mnofu wofiira momwe mumadutsa mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera ululu. Mnofu umenewu umatsikira m'mizu ya dzino kudzera m'tinjira topyapyala kwambiri. Kufumbwa kumayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'litsiro lomata pamano. Timadya shuga wotsalira m'kamwa n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikamba pang'onopang'ono mpaka kubowola. M'dzino simukhala mphutsi, ngakhale alipo amene amafukiza mwana ndi njere zamitengo n'kuloza tizinthu toyera m'madzi kuti ndizo mphutsi zatulukazo. Mano aubwana ali ndi chikamba chopyapyala ndiponso kachipinda kakakulu, kotero kabowo kamene kwa munthu wamkulu kangatenge nthawi yaitali kuti kafike pamtsempha, kwa mwana kamatha kufika m'miyezi yowerengeka. Kutentha kwathu kuno kumawonjezeranso vuto, chifukwa m'mwezi wa October mwana amatha kuswera akuyamwa mafilizi a malambe kapena a bwemba, pakati apo nzimbe, madzulo tiyi wa shuga wambiri, ndiye mano sapuma ku asidi tsiku lonse.

Ndinene modutsa kuti si dzino lililonse losintha mtundu lili lofumbwa. M'madera ena a chigwachi madzi a m'mijigo ali ndi fluoride wochuluka (mchere wa m'nthaka umene umalimbitsa mano ukakhala pamlingo woyenera), ndipo ana omwa madziwo mano akamaumbika amakula ndi mano a mawanga oyera kapena ofiirira. Mano otere safuna kuchotsedwa mtsempha ngati alibe bowo ndiponso sakupweteka, ndipo kuwakwecha ndi mchenga kapena makala kumangoperesa chikamba.

Choyamba kudziwa: ndi dzino liti?

Mwana amakhala ndi mano aubwana 20. Loyamba limamera ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo pofika zaka 3 onse amakhala atamera. Akutsogolo amayamba kugweluka mwana ali ndi zaka 6 kapena 7, koma otafunira akumbuyo amakhalabe mpaka zaka 10, 11 kapena 12. Apa ndi pamene mawu akuti "limeranso lina" amapusitsa makolo. Mwana wa zaka 4 akazulidwa dzino lotafunira, lolowa m'malo mwake lidzaoneka patapita zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo, ndipo m'zaka zonsezo mano oyandikana nawo amasendera m'mpatawo, moti dzino lauchikulire likamadzamera limapeza malo atachepa, n'kutulukira pambali kapena kukanirira m'nkhama.

Palinso dzino lina limene limatayika kawirikawiri chifukwa chosadziwa. Mwana akafika zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwenikweni kwa mano aubwana kumamera mano anayi akuluakulu otafunira, awiri kumwamba ndi awiri kumunsi, ndipo amamera popanda dzino lililonse kugweluka. Amenewa ndi auchikulire, salowedwa m'malo. Njira yowazindikirira ndi yapafupi. Mukhazikeni mwana pabwalo poyera, ayasamule, ndipo muwerenge kuchokera pakati pa mano akutsogolo kupita kumbuyo mbali imodzi. Malo asanu oyamba ndi a mano aubwana kapena a amene alowa m'malo mwawo, koma lachisanu ndi chimodzi ndi lauchikulire nthawi zonse. Ndinaonapo mayi wina atakhala pabenchi ya kuchipatala ndi mtsikana wa zaka 8 amene anam'manga kansalu kuzungulira tsaya. Atalowa anati, "Adokotala, ingolichotsani, ndi la ubwana ili." Adokotala aja anawaitana kuti asuzumire okha m'kamwa mwa mwanayo, nawerenga nawo mano limodzilimodzi, kenaka anati, "Mayi, ili ndi lachisanu ndi chimodzi. Tikalichotsa lero, mwana wanuyu adzakalamba ndi mpata umenewu." Mayiwo anangogwira pakamwa.

Mtundu wa ululu umauzanso zambiri, ndipo adokotala adzakufunsani za iwo, choncho muuonetsetse muli kunyumba. Ngati dzino limangopweteka mwana akamwa madzi ozizira kapena akadya zotsekemera, ululuwo n'kutha posachedwa, kawirikawiri mnofu wa m'kati umakhala usanawonongeke wonse, ndipo imeneyi ndiyo nthawi yabwino koposa yopitira kuchipatala. Ngati limayamba lokha kupweteka, makamaka usiku, mwana n'kumadzuka akulira popanda chimene wadya, mnofuwo watupa kwambiri. Chizindikiro chonyenga ndi chachitatu: dzino limene linkapweteka limaleka lokha, m'nyumba n'kukhala bata, koma patapita masabata pankhama pamatuluka kachithupsa kotulutsa mafinya, kapena dzinolo limada, kapena limayamba kugwedera nthawi yake isanakwane. Pamenepo dzino silinachire ayi. Mtsempha wafa, ndipo tizilombo tadutsa m'mizu n'kufika pafupa, pomwe pagona dzino lauchikulire limene likuumbika.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira kuti kuche kapena kuti ndalama ya kabaza ipezeke mawa. Tsaya likatupa mpaka kutseka diso, kutupa kukatsikira kunsi kwa chibwano kapena pakhosi, mwana akamalephera kuyasamula, kumeza kapena kupuma bwino, kapena akatentha thupi n'kufooka, pitani naye kuchipatala chimene chili pafupi nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, chifukwa mafinya a dzino amatha kutseka njira yopumira kapena kulowa m'magazi. Kwathu kuno mwana akatentha thupi timathamangira kuganiza malungo, ndipo n'koyenera ndithu kuti ayezedwe, koma muwauzenso achipatala za dzinolo kuti lisaiwalike.

Podikira ulendo

Chimene mungachite kunyumba ndi kuchepetsa ululu kokha. Mupatseni mwana Panado pamlingo wolingana ndi msinkhu ndi kulemera kwake, monga zalembedwera pabotolo kapena monga akuuzirani achipatala. Aspirin si wa ana, ndipo piritsi lililonse lisaikidwe pabowo kapena pankhama, chifukwa limawotcha mnofu n'kusiya chilonda chatsopano pamwamba pa vuto lakale. Mwana amene amadziwa kulavula akhoza kuchukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. Musathowe tsaya lotupa ndi nsalu yotentha. Fodya, petulo ndi madzi a m'batire, zimene ena amadontheza m'bowo, n'zoopsa kwa mwana ndipo sizifika pamene pali nthendayo. Makapisozi ogula pagolosale nawonso amanyenga: amatha kuphwetsa chotupa kwa masiku angapo, koma m'dzino lakufa simuyenda magazi oti n'kufikitsamo mankhwala, kotero tizilombo timatsalamo ndipo chotupa chimabweranso. Mankhwala otere amathandiza pokhapokha akalembedwa ndi achipatala pamodzi ndi kukonza kapena kuchotsa dzino lenilenilo.

Kumene mungapite

Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, kapena pitani ku gawo la mano pa chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Amene amaona za mano m'zipatala za m'maboma kawirikawiri ndi ma dental therapist, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ndi amene angakuuzeni ngati dzinolo lingapulumuke. Kuchotsa mtsempha kumafuna magetsi, makina obowolera, chojambulira X-ray ndi mankhwala omatira, ndiye chimodzi mwa izi chikasowa, amakulemberani kalata yopita ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Kuchokera pa boma la Chikwawa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kukwera mapiri a pa Thabwa, koma wochokera ku Nsanje, ku Makhanga kapena ku Muona ayenera kuwerengera tsiku lathunthu ndiponso pogona. Madokotala a mano akhala ochepa kwambiri m'dziko muno, pakuti maphunziro awo anayamba m'chaka cha 2019 pa College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. N'chifukwa chake n'kwanzeru kufunsa amene akukulemberani kalatayo za tsiku loyenera kupita, m'malo mongokwera minibasi. M'zipatala za boma simulipira chithandizo, koma ku zipatala za mishoni ndi za anthu mumalipira, ndipo kumeneko funsani mtengo wa ntchito yonse pamodzi ndi chiwerengero cha maulendo ntchito isanayambe.

Tengani buku la kuchipatala la mwanayo ndi mankhwala onse amene akumwa. Nenani poyera ngati ali ndi nthenda ya mtima, nthenda ya magazi ya sickle cell, khunyu, ngati amamwa ma ARV, ngati akatemeka magazi amachedwa kusiya, kapena ngati anatupapo kapena kutuluka zidzolo atamwa mankhwala ena. Zimenezi zimasintha chigamulo cha adokotala. Mwachitsanzo, kwa mwana amene ali ndi matenda ena a mtima kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri, nthawi zambiri amasankha kuzula dzino laubwana kusiyana ndi kusunga dzino limene lingabisale tizilombo. Mudyetseni mwana musananyamuke, kupatula ngati akuuzani kuti adzam'goneka tulo, pakuti pamenepo muyenera kutsatira ndendende maola amene anena kuti asadye kapena kumwa kanthu.

Za mantha ndinenepo pang'ono, chifukwa ntchito yambiri imalephereka pamenepa. Mwana amene wakhala akuopsezedwa kunyumba kuti akapanda kumvera akabayidwa jakisoni, sangayasamule mwamtendere pampando wa adokotala. Kumunamiza kuti mukungopita kumsika n'koipanso chimodzimodzi. Muuzeni zoona m'mawu ochepa, kuti adokotala akagoneka dzino lija tulo, akalitsuka m'kati, ndipo inu mukhala pomwepo.

Zimene zimachitika pampando

Adokotala amayamba ndi kuona dzino, kuligogoda pang'ono, kukanikiza nkhama, ndipo pamene chojambulira chilipo amajambula kuti aone kuya kwa bowo, utali wa mizu imene yatsala ndi m'mene fupa lilili. Apa ndi pofunsa mafunso anu: ngati dzinolo ndi laubwana kapena lauchikulire, zaka zimene latsala nazo lisanagweluke, ngati lingasungike, ndiponso chimene chidzachitike ndi mpata likazulidwa. Kenaka amapaka mankhwala pankhama n'kubaya jakisoni wochititsa dzanzi. Ena amaphimba m'kamwa ndi kampira kopyapyala n'kusiya dzino lokhalo poonekera, kuti malovu asalowe m'mphako ndiponso kuti mwana asameze kachitsulo.

Pa dzino laubwana limene mizu yake idakali yamoyo, amachita chimene amachitchula kuti pulpotomy. Amachotsa zofumbwa zonse, amatsegula denga la kachipinda kaja, n'kuchotsa mnofu wa pamwamba wokha, wa m'mizu n'kuusiya. Kenaka amakanikizapo kathonje konyowa kwa mphindi zingapo, ndipo kathonje kameneka ndiko kamagamula. Magazi akasiya, ndiye kuti mnofu wa m'mizu uli bwino, choncho amaikapo mankhwala monga MTA kapena ferric sulphate, n'kumata. Akapitirira kutuluka, ndiye kuti nthenda yatsikira m'mizu, ndipo ntchito imasintha pomwepo. Musadabwe adokotala akakuuzani pakati pa ntchito kuti zasintha, sikuti analakwitsa poyamba. Ntchito yotereyi imatha ulendo umodzi, kawirikawiri osakwana ola.

Mnofu wonse ukakhala wodwala kapena wakufa, amachita pulpectomy. Amalowetsa tizitsulo topyapyala ngati singano m'tinjira ta m'mizu, amapala mosamala kuti asapyole n'kukhudza dzino lauchikulire limene lili pansi, amatsuka ndi mankhwala opha tizilombo, amaumitsa, kenaka amadzazamo phala lamankhwala, monga la zinc oxide ndi eugenol kapena la calcium hydroxide ndi iodoform. Kusiyana kwakukulu ndi chithandizo cha akuluakulu kuli pa phala limeneli. Mizu ya dzino laubwana imasungunuka yokha dzino lauchikulire likamakwera, ndiye chodzaziramo chiyenera kusungunuka nayo limodzi. Gutta-percha, chodzazira chonga mphira chimene chimaikidwa m'mano a akuluakulu, sichisungunuka, ndipo sichiikidwa m'dzino laubwana. Ngati munali mafinya, akhoza kuikamo mankhwala n'kumata mongoyembekezera kuti mubwerenso patapita sabata imodzi kapena ziwiri.

Dzino lochotsedwa mnofu limatsala ngati chikwa ndipo limasweka msanga, choncho lotafunira amakonda kuliveka kachisoti kachitsulo chosachita dzimbiri. Makolo ena amakana poopa kuti anzake azimuseka mwana, koma ine ndimaona kuti kachisotiko ndiko kamateteza ndalama ndi ulendo wonse umene mwayenda, pakuti chomatira wamba pa bowo lalikulu chimatha kugamphuka, malovu n'kulowanso.

Dzino lauchikulire la mwana wamng'ono limafuna kuleza mtima kochuluka. Likangomera, muzu wake umakhala usanathe kukula, ndipo kunsonga kwake kumakhala kotseguka kwa zaka pafupifupi zitatu. Adokotala amayesetsa kusunga wamoyo mnofu uliwonse umene ungasungike kuti muzu upitirize kukula ndi kulimba. Ngati mnofu wafa kale, amayamba atseka kunsongako ndi MTA, kapena amaikamo calcium hydroxide amene amasinthidwa kwa miyezi ingapo, ndipo pambuyo pake amadzaza tinjira tonse. Zoterezi zimachitikanso pa mano akutsogolo othyoka mwana akagwa panjinga kapena mumtengo wa masau, ndipo dzino lotere likayamba kuda pambuyo pa miyezi, mupite nalo ngakhale silikupweteka.

Kuzula kulinso ndi nthawi yake, ndipo adokotala akanena kuti dzino silingasungike si nthawi zonse pamene akuthawa ntchito. Dzino laubwana limene latsala pang'ono kugweluka, limene lafumbwa mpaka latsala chitsa, kapena limene mafinya ake adya fupa mpaka kuyandikira dzino lauchikulire limene lili pansi pake, ndi bwino lichoke. Mukatero funsani ngati pangafunike kawaya kosunga mpata. Ngakhale dzino lachisanu ndi chimodzi lija, likawonongeka kotheratu, nthawi zina amalizula dala mwana ali ndi zaka zapakati pa 8 ndi 10, atajambula kaye, kuti lachisanu ndi chiwiri, limene limamera pa zaka pafupifupi 12, lisendere m'malo mwake.

Mukabwerera kunyumba

Dzanzi limatenga maola awiri kapena atatu kuti lithe, ndipo m'nthawi imeneyi mwana amakonda kuluma kapena kutsina mlomo poona kuti sukumva kanthu, mawa lake n'kudzuka ndi chilonda chotupa chimene makolo amaganiza kuti chabwera ndi jakisoni. Muyang'anireni m'minibasi, ndipo musamugulire chimanga chootcha kapena tchipisi pa siteji. Dzanzi likatha mupatseni phala lozizirirako, nthochi kapena nsima yofewa. Kumva kuwawa pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kosadabwitsa ndipo Panado amakwanira, koma ululu ukamakulirakulira, tsaya likatupa, kachithupsa kakabweranso kapena kachisoti kakavuka, bwererani kuchipatala mutatenga kachisotiko. Nzimbe ndi maswiti omata zisatafunidwe mbali imeneyo.

Dzino lokonzedwalo litsukidwe ngati ena onse, m'mawa ndi pogona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, kadontho kofanana ndi kanjere ka mpunga kwa mwana wosakwana zaka 3, ndi kofanana ndi nsawawa yaing'ono kwa wa zaka 3 mpaka 6. Mpaka zaka 7 kapena 8 mswachi uzigwiridwa kapena kuyang'aniridwa ndi munthu wamkulu, chifukwa dzanja la mwana silifika bwino kumbuyo kumene mano amafumbwira.

Vuto lalikulu kwa ife a kuchigwa ndi ulendo wachiwiri. Ululu ukatha pa ulendo woyamba, ndalama ya thiransipoti imapeza ntchito ina, chonsecho chomatira choyembekezera chinapangidwa kuti chikhale masabata ochepa chabe, ndipo chikagamphuka tizilombo timalowa m'tinjira totsuka kale. Mvula nayo imadula njira, monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023, pamene misewu ndi milatho zinakokoloka. Ngati ntchitoyo ifuna maulendo angapo ndipo December wayandikira, auzeni adokotala kumene mumachokera kuti aone ngati angaimalize ulendo umodzi kapena kufupikitsa masiku. Pempheni kuti alembe m'buku la mwanayo dzino limene agwira, mankhwala amene aikamo ndi tsiku lobwerera, kuti njira ikadukadi wa mano wa chipatala chapafupi athe kumatanso popanda kuyambira pachiyambi. Ntchito ikatha, dzinolo lizionedwa pakapita miyezi 6 iliyonse. Nthawi yogweluka ikakwana limagwedera ngati anzake, n'kugwa pamodzi ndi kachisoti kake.